Maphwando a zovala ndi zisudzo ku Senga Bay: wamalonda asadikire pageti

Lachisanu likafika, msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe umadzaza ndi magalimoto olowera kunyanja. Ambiri akaima pa Kamuzu Road ndiye kuti akuthira mafuta kapena kugula mayunitsi. Akatero amapitirira makilomita pafupifupi 20 kukalowa m'malo ogona alendo ku Senga Bay, geti n'kutsekeka. M'buti muli kale mowa, nyama, buledi, ngakhale tomato, zonse zogula m'masitolo a mumzinda. Lamulungu pobwerera mwina aima kugula mpando woluka kapena dengu la mango, koma ndalama yeniyeni ya masiku awiriwo yadutsa pamphuno pa wamalonda wa ku Salima.

Eni malo ogona alendo nawo ali ndi vuto lawo. Munthu amene wasamba m'nyanja kawiri katatu safunanso kulipira chipinda kuti angoona madzi. N'chifukwa chake kunabwera maphwando ovala zoyera zokhazokha, mabandi a Loweruka usiku ndi magulu ovina oitanidwa kuchokera m'midzi. Chotsatira chake chikuoneka kale m'maiko ena: usiku wokhala ndi mutu wake, pomwe alendo amavala mogwirizana ndi nkhani, ochita zisudzo amayenda pakati pawo n'kumawalankhula, ndipo zakumwa zosakaniza, zija amati cocktail, zimapatsidwa maina ochokera m'nkhani yomweyo.

Ku New York, sewero la Sleep No More linayamba mu 2011 n'kutha zaka zoposa khumi likudzaza anthu. Oonera ankavala zigoba zoyera kumaso n'kumatsatira ochita sewero chipinda ndi chipinda, bala ili m'nyumba momwemo. Ku London kuli malo otchedwa Alcotraz, komwe mlendo amavekedwa ovolosi ya akaidi n'kuzembetsa botolo lake la mowa kudutsa anthu ochita ngati asilikali a ndende, kenako ogwira ntchito n'kumusakanizira. Wamalonda aone bwino pamenepa. Mowa wabwera nawo yekha, koma tikiti walipira, ndipo sadandaula. Chomwe wagula ndi nkhani yoti akasimbe ndi zithunzi zoti akaike pa Facebook.

Phwando lotere likafika pagombe la Salima, lidzakhala labwino kwa wamalonda wamng'ono kuposa phwando wamba la DJ ndi makreti a mowa. Mowa ndi masipika zimakwera galimoto kuchokera ku Lilongwe. Koma zovala 40 zosokedwa mofanana, mphasa, nyali, bwato loika pamchenga, nsomba ya lero ndi gulu la anthu odziwa kuseketsa sizilowa m'buti. Mwini malo adzazifuna pafupi, ndipo adzazifuna sabata isanathe. Amene adzapindule ndi amene anakafika ku ofesi ya manijala Lolemba ndi zitsanzo m'manja. Woima pageti Loweruka usiku ndi beseni pamutu adzapeza oda onse atatengedwa kale.

Anthu a ku Senga Bay aonapo kale makamu. Lake of Stars inachitikira ku Kabumba mu 2018, ndipo Sand Music Festival, yomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, yachitikapo kangapo ku Livingstonia Beach. Zikondwerero zotere zimabwera kamodzi pachaka, masiku atatu, ndipo malo ogulitsira mkati amakhala olipira. Wopikula katundu wambiri pongomva kuti kubwera anthu amakhala akuchita juga: mvula ikagwa, kapena anthu akabwera ochepa, nkhuku zokazinga sizidikira chaka chamawa. Usiku wa zisudzo wa anthu 50 kapena 80 ndi waung'ono, koma ungathe kubwerezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo chiwerengero cha anthu chimadziwika msanga chifukwa matikiti amagulidwiratu. Kwa munthu wa mpamba wochepa, kasitomala mmodzi wobwera mwezi uliwonse aposa chikhamu cha masiku atatu.

Nkhani zoti zichitike usiku wotere zilipo zambiri panyanja pomwepa. Pali sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951: alendo akhale apaulendo, wina kaputeni, wina wofufuza matikiti, wina wobisa katundu. Pali usiku wa asodzi, nyali za kauni zikuyaka pamchenga, alovi akukangana za kagawidwe ka usipa. Zonsezi zimafuna zovala ndi zipangizo zomwe telala, kalipentala ndi woluka mphasa wa kwa Maganga angapange. Nkhani imodzi yokha isayandikire pabala: ya malonda a akapolo a nthawi ya Jumbe ku Nkhotakota. Akunja angaseke ndi zovala za akaidi, koma maunyolo aja anamanga makolo a anthu amene lero akuperekera zakumwa.

Pa zakumwa, wamalonda asapikisane ndi mwini malo pa mowa. Kugulitsa mowa kumafuna chiphaso cha khonsolo, ndipo kachasu wothira m'botolo la Malawi Gin ndi njira yachidule yopitira kupolisi, osanenanso za mlendo amene angadwale. Mpata uli pa zosakanizira. Chakumwa cha mtundu umenewu chimafuna zowawasa, zotsekemera ndi zonunkhira: malambe, bwemba, chidede, mandimu, jinja, uchi, mango. Malambe ndi bwemba zimasungika miyezi zikauma bwino, choncho wogula panthawi yokolola n'kusunga pouma amagulitsa pamtengo wabwino chilimwe chikafika. Mandimu ndiwo ofunika kuwerengera. Amachuluka nyengo yozizira, pomwe mwera ukuwomba ndipo alendo panyanja achepa, n'kusowa mu October ndi November, dzuwa likuswa mtengo, alendo atadzaza gombe. Wolonjeza mandimu chaka chonse pamtengo umodzi adzaphimba ndi ndalama ya m'thumba mwake. Mtengo ukhale wa mwezi umenewo.

Ukhondo apa si nkhani yongolankhula. Ufa wa malambe wosefedwa bwino, woikidwa m'chidebe chotseka, umalowa m'khitchini ya hotela; wa m'jumbo yong'ambika umabwezedwa pageti. Madzi opangira ayisi akhale owiritsa kapena a m'mabotolo. Ndipo wopanga ayisi amene amadalira magetsi a Escom okha ayambe kuumitsa Lachitatu, osati Lachisanu usiku.

Nsomba ili ndi kalendala yakenso. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenji, kwa Makanjira, mafumu amatseka okha m'nyengo ya mvula. Nthawi imeneyi ndi yomweyo ya maphwando a Khrisimasi. Mayi wogulitsa nsomba asasaine kuti adzabweretsa chambo chokhachokha. Alembetse kuti chambo chikasowa adzabweretsa kampango, mcheni kapena usipa wokazinga, ndipo mtengo wa chilichonse ulembedwe padera.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya ovina, ndipo apa ndi pomwe wamalonda wofuna ndalama yachangu angadziputire mlandu. Mwini malo, makamaka wochokera kutali, akamva za zigoba ndi zovala amangoganiza za gule wamkulu. Adzafuna munthu wa m'deralo woti akalankhule ndi gulu, ndipo kawirikawiri munthuyo amakhala wogulitsa ziboliboli kapena woyendetsa alendo pabwato. Munthu ameneyu akane, kapena atumize mwini maloyo kwa mfumu.

Gule wamkulu si sewero la pabala. Amatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndi chilolezo cha eni dambwe. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma kuzindikirako sikunachotse mwambo. Alendo amaonadi gule m'malo ena, monga ku Kungoni ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito yawo mu 1976 ndipo tanthauzo la chilombo chilichonse limafotokozedwa mwaulemu. Kumeneko oonera amakhala pansi n'kuonera. Usiku wa zisudzo umafuna zosiyana: mlendo agwire, afunse, alowe m'bwalo, tambula ili m'manja. Tsiku lina wina ataledzera adzakoka chigoba kuti ajambule nkhope. Lolemba iye adzakhala ali ku ofesi ku Lilongwe, mwini malo adzati sankadziwa, ndipo kubwalo la mfumu adzaitanidwa amene anakatenga gule uja. Mlendo ndi mame, koma mbuzi ya chindapusa imatuluka m'khola la wokhala pamudzi.

Osema nawo asamale. Kusema zigoba zoti alendo avale ndi bizinesi yabwino, ndipo nkhwazi, mvuu, ng'ona kapena mbuna zimagulika. Chadzunda, Maliya kapena Simoni asasemedwe kuti avalidwe povina ndi botolo.

Chosangalatsa n'chakuti gule woyenera usiku wotere alipo kale kunyanja kuno. Beni anabadwa potsanzira asilikali a atsamunda: mayunifomu, maudindo, mamendulo, kuguba mokokomeza ndi nthabwala. Mlendo atavekedwa chipewa n'kuuzidwa kuti ndi kopolo, palibe mzimu umene walakwiridwa. Zisudzo zolankhulana ndi oonera nazonso si zachilendo. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linkazungulira m'midzi ndi masewero omwe anthu ankayankha n'kusintha mathero ake, ndipo aliyense amene anaonerapo Izeki ndi Jakobo amadziwa kuti Mmalawi sakhala chete sewero likakoma. Magulu a zisudzo a achinyamata ku Salima, omwe amadikira kuti bungwe lina liwaitane pa nkhani za umoyo, ali ndi luso lomwe malo ogona alendo angalipire. Koma atchule mtengo wa gulu lonse, thiransipoti yobwerera usiku ndi chakudya, zisanayambike. Kuvinira mbale ya ndalama zoponya alendo ndi kugwira ganyu osadziwa malipiro.

Pali ena amene anganene kuti zonsezi ndi za anthu olemera, ndipo kuti mwini hotela sangagule kwa venda. Mbali ina akunena zoona. Malo akuluakulu ali ndi owagulitsa awo olembetsedwa, amafuna invoisi ndi akaunti ya kubanki, ndipo amalipira pakapita masabata. Venda mmodzi sangapirire zimenezo. Koma gombe la Senga Bay lili ndi malo ang'onoang'ono ambiri omwe manijala wake amagula yekha pamsika. Ndipo gulu la banki mkhonde la amayi khumi lingathe kulembetsa dzina limodzi, kutsegula akaunti imodzi n'kutenga oda yomwe munthu payekha sakanaikwanitsa, wina nsomba, wina zipatso, wina makala.

Pamalipiro pasakhale manyazi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Oda ya phwando ndi ya tsiku limodzi, ndipo phwando likalephereka katundu wake alibe msika wina: palibe amene adzagule zipewa 30 za oyendetsa sitima pa Kamuzu Road. Choncho theka la ndalama liperekedwe ntchito isanayambe, lotsalalo tsiku lopereka katundu, phwando lisanachitike. Mawu oti "tikupatsani tikawerengera za pageti" amatanthauza kuti wamalonda wasanduka mnzake wa mwini phwando pa kuluza, koma osati pa phindu. Ndalama idutse pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni, ndipo mgwirizano ulembedwe ngakhale m'kope la sukulu, onse awiri asaine. Mtengo ukhalenso ndi tsiku lothera. Amene anatchula mtengo wa nsalu mu October 2023 n'kulipidwa mu December, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November, anasokera anthu ulere. Katapila woti agulire katundu wa phwando la munthu wina ndiye asayerekeze n'komwe.

Anyamata a kabaza ali ndi gawo lawo losavuta: alendo ambiri amagona malo ena n'kudzachezera malo ena, ndipo phwando limatha pakati pausiku. Ogwirizana ndi manijala kuti akhale asanu odziwika, ovala zonyezimira, a mtengo umodzi wolembedwa pageti, adzatenga anthu onse.

Telala ndiye ali ndi mwayi woposa onse, akaganiza mofatsa. Kusoka zovala n'kugulitsa kwa mwini malo ndi ndalama ya kamodzi. Kubwereketsa kumabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Majekete oyera, malaya a khaki ndi zipewa zimapezeka m'mabelo a kaunjika, ndipo zimangofuna kusinthidwa mabatani ndi kusokerera mizere paphewa. Akabwereketsa chovala chilichonse pa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yomwe chinadya, phwando lachinayi mpamba wabwerera, ndipo zovala zikadali zake, zoti n'kubwereketsanso ku malo ena, ku sukulu kapena kwa ojambula vidiyo ya nyimbo. Masaizi akhale otakasuka, a zingwe m'malo mwa zipi, chifukwa mimba za alendo sizidziwika. Mtengo wa sopo ndi makala a simbi ulowe m'ndalama yobwereketsera. Zovala ziwerengedwe pamaso pa manijala popereka, ziwerengedwenso m'mawa polandira, ndipo m'kope mulembedwe kuti chosowa kapena chopsa ndi ndudu alipira ndi mwini malo, pamtengo wa chatsopano, chifukwa alendo amakonda kupita nazo zipewa kwawo.