Nanga mankhwala a mayi wa ku Senga Bay adzayesa ndani?

Asisi, nkhani iyi imamveka ngati ya madokotala okhaokha, koma ndi yathu.

Pitani ku Senga Bay kapena ku Chipoka m'mamawa. Mupeza amayi ali m'madzi mpaka m'mawondo, ena akuchapa, ena akudikira usipa. M'madzi momwemo muli tizilombo ta likodzo tochokera mu nkhono. Ambirife timadziwa likodzo ngati matenda a tianyamata tokodza magazi. Koma kwa mayi, mazira a nyongolotsi zake amakakanirira kumaliseche ndi pa khomo la chiberekero. Amatuluka zilonda, amataya magazi, amamva kuwawa pogonana, ena mpaka kulephera kubereka. Kuchipatala zimaoneka ngati matenda opatsirana pogonana, ndiye amalandira mankhwala olakwika. Akafika kunyumba, bambo aja n'kuyamba kufunsa kuti wazitenga kuti.

Praziquantel amapha nyongolotsizo, eya, koma zilonda zakale sizipola nthawi zonse. Ndiye mayiyu amwe kangati? Ayambe ali ndi zaka zingati? Mafunso otere sayankhidwa ndi mphekesera. Pamafunika kafukufuku woyesa mankhwala pa anthu ovomera okha, kuwatsata kwa zaka.

Ntchito imeneyi Amalawi timaitha, musakayike. UNC Project ku Lilongwe ndi Johns Hopkins Project ku Blantyre anali nawo pa kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa ndi 96 pa 100 mwayi wopatsira mnzako HIV. Amayi a m'mizinda iwiriyi analowanso mu HPTN 084, ndipo mu 2020 zinadziwika kuti jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse amateteza amayi kuposa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana a ku Lilongwe, ndipo mu Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka.

Koma ndalama zake zimachokera kuti? Za kafukufuku wa HIV uja zinachokera makamaka ku America, kudzera ku NIH. Ku Blantyre, Malawi-Liverpool-Wellcome imadalira kwambiri bungwe la Wellcome la ku London. Sindikuwanyoza, atithandiza zedi. Kungoti wolipira ndi amene amasankha funso, ndipo zilonda za mayi wochapa kunyanja sizikhala pamwamba pa mndandanda wawo. Komanso wolipira akhoza kungonyamuka. Mu 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID, ku South Africa atsikana ena omwe anali pa kafukufuku wa zipangizo zodzitetezera zoika kumaliseche anaitanidwa mwadzidzidzi kuti akazichotse, kafukufuku watha. Taganizani thupi limenelo lili lanu.

Sindikunena kuti boma lilipire kafukufuku yense, ndalama zake n'zoopsa. Ndikunena za zomwe zimasunga malo ofufuzira ali amoyo thandizo lina likatha, lina lisanabwere: malipiro a anamwino a kafukufuku ndi a mu labu, firiji yosungira magazi, mafuta a jenereta magetsi akathima. Zimenezi zikasowa, namwino wophunzira bwino amakasaka ntchito kwina, ndipo kuyambiranso kumatenga zaka. Tili ndi National Commission for Science and Technology, tili ndi KUHeS. Chikuvuta n'chiyani kuika mzere wake mu bajeti, n'kutsegula kagawo kofufuzira pa chipatala cha boma la Salima, pafupi ndi amayi enieniwo?

Wina anena kuti, "Kuchipatala kulibe ndi panado yemwe, inu mukuti kafukufuku?" Ndikumva, ndipo n'zoona zimapweteka. Koma mayi wopatsidwa mankhwala a chinzonono katatu pomwe akudwala likodzo, ndalama za boma zatayikanso pamenepo.

Palinso mantha aja akuti akufuna kutiyesera ngati mbewa, kapena ndi anamapopa. Kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa ndi makomiti ngati NHSRC kapena COMREC, ndipo muli ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira. Koma malo olipidwa ndi msonkho wathu tikhoza kuwafunsa mafunso ku Nyumba ya Malamulo, zomwe sitingachite ndi ofesi ya ku Washington.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo isanafike nthawiyo Unduna wa Zachuma umayenda kumva maganizo a anthu pa bajeti. Phungu wanu mumufunse tsopano kuti mu bajeti ya zaumoyo, zoyesera mankhwala a amayi ndi zingati.