Makina a Webb autsa mtsutso pa za chiyambi cha milalang'amba

Munthu atatola kanjere ka mchenga n'kukaloza kumwamba mkono atautambasula, kadera ka thambo komwe kangabisike kuseri kwake n'kochepetsetsa. Komatu m'kadera kotero ndi momwe makina oonera zakuthambo a James Webb adajambulamo milalang'amba zikwizikwi, pachithunzi chomwe mtsogoleri wa dziko la America panthawiyo, Joe Biden, adaonetsa pa 11 July 2022.

Mlalang'amba aliyense amaudziwa: ndi mzere woyera uja umadutsa pakati pa thambo usiku wopanda mwezi. Akatswiri a zakuthambo amati mzerewo ndi khamu la nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa ndi imodzi chabe mwa izo. Milalang'amba ina ilipo yosawerengeka ndipo yambiri imakhala m'magulu, ngati nyumba pamudzi. Gulu lomwe lili pachithunzicho, SMACS 0723, lili kuthambo la kummwera, ngakhale ndi maso paokha silioneka.

Chinsinsi cha nkhani yonseyi chagona pa kuwala. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kufike padziko, choncho munthu amaona dzuwa momwe linalili mphindi 8 zapitazo. Kuwala kwa SMACS 0723 kudayenda zaka 4.6 biliyoni. Kuyang'ana kutali ndi kuyang'ananso kale.

Vuto ndi lakuti chilengedwe chikufutukuka, ndiye kuwala kochokera kutali kwambiri kumatamuka m'njira mpaka kusanduka mtundu womwe diso silingaone, wotchedwa infrared. Ndi womwewo umapangitsa munthu kumva kutentha kwa mbaula asanaikhudze. Webb adapangidwira kuwala kumeneku. Ali ndi galasi la mamita 6.5 lopakidwa golide, ali pamtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko, ndipo amabisala kuseri kwa chinsalu chotchinga dzuwa kuti azizire kupitirira madigiri 220 pansi pa ziro. Akafunda, kutentha kwake komwe kungamuphimbe m'maso.

Nanga bwanji akatswiri amakonda kuloza makinawa pa magulu a milalang'amba? Gulu lotere n'lolemera kwambiri moti limapinda kuwala kodutsa pambali pake, monga momwe Albert Einstein adafotokozera. Zotsatira zake, zinthu zomwe zili kuseri kwake zimaoneka zazikulu ndi zowala, ngakhale zokhotakhota, ngati kuyang'anira pansi pa botolo. Gululo limasanduka galasi lachiwiri laulere.

Njira imeneyi ndiyo idathandiza mu April 2023 pomwe akatswiri otsogozedwa ndi Takahiro Morishita adatsimikiza kuti kuseri kwa gulu la Abell 2744 kuli milalang'amba 7 yomwe idayamba kale kusonkhana patangopita zaka 650 miliyoni chiyambireni chilengedwe. Malinga ndi sayansi, chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Kuziyerekeza ndi gogo wa zaka 80, apa ndi ngati kupeza chithunzi chake ali mwana wa zaka zosakwana 4.

Mpungwepungwe udayambira pamenepa. Akatswiri ambiri ankayembekezera kuti nthawi imeneyo milalang'amba ikhala yochepa, yaing'ono ndi yozilala. M'malo mwake Webb adapeza yowala yambiri kuposa momwe masamu awo ankalozera. Mu 2024 kudapezeka mlalang'amba wa JADES-GS-z14-0 womwe udalipo patangotha zaka pafupifupi 290 miliyoni, ndipo mu 2025 makina a ALMA a ku Chile adapezamo mpweya wa okosijeni. Mpweyawu umapangidwa mkati mwa nyenyezi n'kumwazika zikafa. Kutanthauza kuti pofika nthawi imeneyo, mbadwo wina wa nyenyezi unali utabadwa kale n'kutha.

Nyuzipepala zina sizidachedwe kulengeza kuti chiphunzitso cha Big Bang, choti chilengedwe chidayamba chili chotentha ndi chothinana kenako n'kufutukuka, chagwa chagada. Kumeneko kunali kupupuluma. Maumboni akuluakulu a chiphunzitsochi, monga kufutukuka kwa chilengedwe ndi kuwala kotsalira kwa nthawi yoyambirira komwe kudapezeka mu 1965, sadagwedezeke. Komanso atafufuza mofatsa, zidadziwika kuti ina mwa milalang'amba yomwe inkaoneka yolemera modabwitsa ikuwala kaamba ka ma black hole, zinthu zokoka mwamphamvu zomwe zimatenthetsa mpweya womwe zikumeza, osati kaamba ka kuchuluka kwa nyenyezi.

Chomwe chagwedezeka ndi ganizo la liwiro lomwe nyenyezi ndi milalango yake zidapangikira. Ena akuti nyenyezi zoyamba zinali zikuluzikulu ndi zowala kuposa za lero. Ena akuti zinkabadwa mwachigulu, kenako n'kudukiza. Mbali iliyonse ili ndi mfundo, ndipo chomwe chingathetse mtsutsowu ndi zithunzi zina, osati kukuwa.

Apa ndi pomwe nkhani ya ndalama ikulowa. Webb adadya pafupifupi madola 10 biliyoni, ndipo adachedwa zaka zoposa 10 asananyamuke ku French Guiana pa 25 December 2021. Mu 2011 aphungu ena ku America adafuna kuthetseratu ntchitoyi poona kuti ndalama zikungolowa. Dandaulo lawo silinali lopanda pake, chifukwa ntchito zina za bungwe la NASA zidapanikizika kuti iyi ithe. Koma akadapambana, mabuku akadapitiriza kuphunzitsa zomwe tsopano zikukayikitsa.

Nthawi nayo ili ndi malire. Makina akale a Hubble ali pafupi ndi dziko, ndipo anthu adapitako kasanu kukawakonza. Webb ali kutali moti chikaonongeka palibe wopita ndi sipanala. Mu May 2022 kamwala kakang'ono ngati fumbi kadagunda chimodzi mwa zigawo 18 za galasi lake n'kusiya chilema chosakonzeka, ngakhale zithunzi zikutulukabe bwino. NASA idati mafuta ake angakwane zaka pafupifupi 20. Pakadali pano akatswiri opempha kuwagwiritsa ntchito amachuluka kangapo kuposa maola omwe alipo, ndipo ambiri amabwezedwa kuti akayesenso chaka chinacho.