Yankho la Mkonzi: Kwa Iwo Amene Akuti Chithunzi Sichinama

Pali mawu amene afala masiku ano m'mabasi, m'misika ndi m'magulu a WhatsApp, amene munthu amayankha nawo mnzake akam'funsa za chithunzi chimene watumiza: akuti chithunzi sichinama, pakuti kamera ilibe mtima woti ikondere, ngakhale lilime loti isinjirire. Mawu amenewa tawamva kwa anthu aulemu wawo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo, amene sangalole kuchitira mnzawo umboni wonama pabwalo. Ndipo popeza awerengi athu ambiri awalandira ngati choonadi chosafunika kuchiyesa, taona kuti n'koyenera tiwayankhe poyera, mwaulemu, koma osapsatira mawu.

Pamene ana a Yakobo adagulitsa mbale wawo Yosefe, sadavutike ndi kupeka nkhani yaitali. Adapha mbuzi, naviika malaya a mnyamatayo m'mwazi, nawatumiza kwa atate awo kuti nkhalambayo iwazindikire yokha. Malayawo adali a Yosefe ndithu, mwaziwo udali mwazi weniweni, ndipo palibe kanthu kamene maso a Yakobo adam'namiza; komatu iye adalira maliro a mwana wamoyo zaka zambirimbiri, chifukwa chimene adaona chidali choona, koma nkhani imene adamangapo idali yabodza. Chithunzi chili ngati malaya aja. Nthawi zambiri bodza limakhala m'mawu olembedwa pansi pake: tsiku lake, malo ake ndi dzina la munthu.

Awerengi athu amene ali ndi abale ku Joni akukumbukira mwezi wa Seputembala 2019, pamene alendo adachitiridwa nkhanza ku Johannesburg ndi madera ena. Chipolowecho chidalikodi, ndipo anthu adafadi. Koma pakati pa zimene zidazungulira m'mafoni masiku amenewo padali kanema wa anthu akudumpha kuchokera m'nyumba yosanja imene inkayaka moto, ndi mawu akuti umu ndimo akuwotchera alendo ku South Africa, chikhalirecho moto umenewo udabuka mumzinda wa Surat ku India mwezi wa Meyi chaka chomwecho, ndipo amene adaferamo adali ana a sukulu. Taganizani za mayi wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene mwana wake ali ku Joni, foni yake sikupezeka, ndipo usiku alandira kanema wotere kuchokera kwa mnansi wom'funira zabwino. Nawonso akuluakulu a dziko agwamo m'mbuna yomweyi: mu Ogasiti 2019, mtsogoleri wa dziko la France, Emmanuel Macron, podandaula za moto wa m'nkhalango ya Amazon, adafalitsa chithunzi chojambulidwa ndi Loren McIntyre, munthu amene adamwalira mu 2003.

Tsono ena adzati, ngati mtsogoleri wokhala ndi alangizi adaphonya, nanga ine wa kumudzi ndingadziwe bwanji? Apa ndi pamene tikutsutsa kolimba, pakuti njira yofunsira chithunzi kumene chidachokera ilipo, ndi yakale ndithu, ndipo salipiritsa kupatula kabandulo ka intaneti. Kampani ina ya ku Toronto idatsegula TinEye mu 2008. Google idayamba kulola anthu kufufuza pogwiritsa ntchito chithunzi mu 2011, nibweretsa Google Lens mu 2017. Bing ndi Yandex nazonso zili ndi zida zotere. M'malo molemba mawu kuti makina akupezereni chithunzi, mumawapatsa chithunzicho kuti akuuzeni kumene chidaonekapo kale. Makinawo sawerenga dzina la chithunzi ayi, koma amayeza maonekedwe ake, mitundu yake, m'mbali mwa zinthu ndi kuwala kwake, nasandutsa zonsezo manambala amene ali ngati chidindo cha chala, kenaka n'kuyerekeza chidindocho ndi zithunzi miyandamiyanda zimene adasonkhanitsa pa intaneti. Ndipo n'chifukwa chake kawirikawiri amachizindikira ngakhale wina atachidula m'mbali, kuchichepetsa, kapena kulembapo mawu ake. Pa TinEye munthu angathe kusanja zimene zapezeka kuyambira chakale kwambiri, ndipo chithunzi chimene akuti chajambulidwa dzulo chikapezeka kuti chidasindikizidwa zaka zisanu zapitazo, mlandu wathera pomwepo. Ngati ndi kanema, muimitseni pamalo pooneka bwino, mutenge screenshot, ndi kufufuza imeneyo.

Atolankhani a Africa Check, bungwe limene lidayamba ku Johannesburg mu 2012, amagwiritsa ntchito njira yomweyi, koma kulakwa n'kuganiza kuti ndi ya atolankhani okha. Wofuna nyumba ya lendi amene wauzidwa kuti atumize chikole asadaione, ayambe wafufuza chithunzi cha nyumbayo, kuti aone ngati siili ku Nairobi kapena ku Accra. Wogula galimoto pa Facebook achite chimodzimodzi. Mwana wamkazi amene akulemberana mawu achikondi ndi mwamuna wa kunja amene sadamuonepo, amene tsopano wayamba kupempha ndalama zoti awombolere mphatso pa kasitomu, afufuze nkhope imene adatumiziridwayo. Atambwali otere amaba zithunzi za anthu osalakwa, ndipo nthawi zina nkhope imodzi imapezeka itavala maina angapo. Mlimi angajambule mbozi imene ili pa chimanga chake kuti aone ngati ikufanana ndi ntchembere zandonda, ngakhale kuti mawu omaliza ayenera kukhala a mlangizi wa zaulimi. Makolo adati safunsa adadya phula, ndipo sitidziwa m'badwo wina umene kufunsa kudapepuka monga kwapepukira mu uno.

Sitifuna kuti tichotse chikhulupiriro chimodzi chopanda maziko n'kuikapo china. Makina amenewa amadziwa zokhazo zimene adazionapo. Chithunzi chimene changozungulira m'magulu otsekeka a WhatsApp mwina sangachipeze, ndipo kusapezeka kwake sikutsimikiza kuti ndi choona. Palinso zithunzi zimene kompyuta imapanga popanda kamera, monga chija cha Papa Francis atavala jekete lalikulu loyera, chimene chidanamiza anthu ochuluka mu Malichi 2023. Chotere chilibe kwawo kumene chidajambulidwa, ngakhale kuti kufufuza kungakufikitseni kwa amene adachiyesa kale ndi kuchitsutsa. Ndiponso tikudandaula ndi zida zina zofufuzira nkhope, monga PimEyes, zimene munthu wa mtima woipa angalondole nazo mkazi amene wam'jambula mobisa pamsewu. Mpeni wosendera mbatata ukhoza kuvulaza munthu, ndipo wochita zotere tikum'dzudzula kotheratu. Koma zofooka zonsezi zikungolimbitsa mfundo yathu: ngati ngakhale wofufuza ayenera kudekha monga wofuna kuona maso a nkhono, nanga kuli bwanji iye amene amatumiza chithunzi kwa anthu mazana awiri asadachiyang'anitsitse n'komwe?

Chimene chimatiwawa koposa n'chakuti ofalitsa zithunzi zoterezi ambiri si anthu oipa. Amatumiza chifukwa cha chifundo, kapena mantha, kapena kufuna kuchenjeza abale; koma kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo mtima wabwino wa mthenga suchotsa misozi imene uthenga wabodza wakhetsetsa, kapena kubweza mbiri ya munthu amene nkhope yake yaikidwa pa mlandu umene sadapalamule.

Choncho tikukupemphani, awerengi athu olemekezeka, makamaka inu oyang'anira magulu a mpingo, a sukulu ndi a banja: chithunzi chodzidzimutsa chikakufikani, musanachitumize kwa wina, chisungeni m'foni mwanu, muchilowetse mu Google Lens kapena TinEye, muone tsiku ndi malo kumene chidayamba kuonekera. Ngati simudziwa machitidwe ake, itanani mwana wa sukulu akusonyezeni kamodzi. Ndipo mukapeza kuti mudatumizapo chabodza, bwererani ku gulu lomwelo mukanene poyera kuti chija sichidali choona.