Pelete ya ZNS tidzaiona, koma tionetseni buku

Amai ndi atate a ku Soweto, City Market, Kabwata na Chelstone, inu tsiku silikutha musanawerenge ndalama. Oda inali zingati, wa wilibala watenga zingati, levy ya council zingati. Zotsala ndiye phindu. Nanga boma lilekerenji kuwerenga choncho?

Boma la UPND labwezeretsa maphunziro a achinyamata ku ZNS. Ife sitikana. Nthawi ya a Kaunda, omaliza Form 5 anali kupita ku national service mokakamizidwa, kukaphunzira mfuti ndi khasu, kuti dziko likawafuna liwaitane. Manje apita ofuna okha. Chabwino.

Koma mukafunsa ngati zinthu ziyenda bwino, adzakuonetsani pelete pa ZNBC: nsapato zowala, bandi ilira, nduna iomba m'manja. Pelete ili monga mulu wa tomato, zofiira pamwamba. Inu mudziwa kuti wogula wochenjera amayang'ana zapansi.

Zapansi ni izi. Mwana akavula yunifomu, patapita chaka ali kuti? Ali pa nchito, watsegula kashopu ka ukalipentala, kapena wabwerera kuitanira mabasi pa Kulima Tower? Angati? Ndipo anasankhidwa bwanji? Ngati malo atengedwa ndi ana a ku Kabulonga na Woodlands, amene atate awo ali ndi nambala ya bwana mu foni, mwana wa ogulitsa chiwawa n'kutsala, tidziwe. Maina aikidwe pa khoma pa ofesi ya constituency.

Chimene chindivuta kwambiri ine ni ichi. Mu January 2024 kolera inatseketsa masukulu, odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium. Kumayambiriro kwa 2018 munaona asilikali m'tauni, malonda a m'misewu anaima, ena kapito inathera pamenepo. Munthu wophunzitsidwa ndi msonkho wanu ayenera kupezeka zisanafike apo, agwire fosholo pa ngalande za ku Kanyama mvula isanayambe. Kodi pali buku la maina ndi manambala awo? Adzaitanidwa ndi ndani, adzafika m'masiku angati? Buku likasowa, wachinyamata wodziwa dirilu koma wopanda nchito adzapeza wina womulemba, ndipo inu makada pa msika muwadziwa bwino.

A MP anu akabwera ndi zitenje, landirani, si mlandu. Koma asanakwere galimoto afunseni kuti mu constituency muno anapita ku ZNS ni angati, ndipo lero ali kuti.