Mwana Akamukanira Nkhani Yake ya Filimu

Tsiku lina la Sabata mwezi wathawu, titaweruka mapemphero, mayi wina wa Dorika anatikokera pambali pansi pa mtengo wa mango. Mwana wawo wa zaka 23, yemwe amatsogolera masewero a achinyamata mu mpingo wathu, anali atatha milungu itatu osadya bwino. Nsima ankangotema kawiri n'kusamba m'manja. Usiku ankakhala pakhonde ndi foni mpaka asodzi a usipa atazimitsa nyali zawo panyanja. Mayiwo ankaganiza kuti ndi malungo, koma atakamuyeza kuchipatala malungo sanapezeke.

Titakhala naye pansi, nkhani inatuluka. Kwa zaka ziwiri wakhala akulemba filimu ya msodzi amene wagulitsa bwato kuti mwana wake wamkazi apite ku sekondale. Anayamba m'kope, kenako anakaitayipitsa ku boma ndi ndalama za maganyu, n'kuitumiza kwa anthu atatu opanga mafilimu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Woyamba sanayankhe n'komwe. Wachiwiri analemba pa WhatsApp kuti anthu a m'nkhaniyo amalankhula ngati akulalikira, ndiponso kuti m'masamba 20 oyambirira mulibe chochitika. Wachitatu anaikonda, koma anati aonjezeremo zochitika za kumalo omwera mowa, ndipo kujambula kuzichitika Loweruka poti ndi tsiku limene osewera amapezeka.

Ife makolo tikamva zoterezi, pakamwa pamathamangira kunena kuti, "Tinakuuza kale, mafilimu sadyetsa munthu." Mwina n'zoona ndithu. Koma mawu amenewa akagwera munthu amene sakugona kale, amangomukankhira kuchipinda, ndipo akatseka chitseko sitidziwanso zimene akuganiza.

Tinamuuza kuti mayankho atatuwa asawamange mtolo umodzi, chifukwa sakunena chinthu chimodzi.

Kukhala chete kwa woyamba uja nthawi zambiri ndi nkhani ya ndalama. Taonani a Shemu Joyah, amene ambiri timawadziwa ngati katswiri wa mafilimu m'dziko muno. Anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, yomwe ndi nkhani ya msodzi wa panyanja yathu yomwe ino, kenako The Road to Sunrise mu 2017. Pakati pa filimu ndi inzake pankadutsa zaka zinayi kapena zisanu, komanso iwowa ntchito imene anaphunzira ndi yoyeza malo. Ngati munthu wodziwika chotere amadikira zaka zonsezo, ndiye kuti opanga mafilimu kuno sangatenge nkhani iliyonse yabwino imene yawapeza. Ambiri amajambula nkhani zimene alemba okha, ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ngakhale nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu inafika pa kanema mu 2019 chifukwa cha ndalama zochokera kunja. Mnyamata wa ku Mangochi akapanda kuyankhidwa, asafulumire kuganiza kuti wayesedwa n'kupezeka woperewera. Mwina sanaiwerenge n'komwe.

Yankho lachiwiri ndi limene linamupweteka kwambiri, ndipo ndi limene ife tinaliona laphindu. Masewero ake tawaonera kangapo pa mapologalamu a achinyamata Sabata masana, ndipo kunena zoona, agogo a m'sewero akayamba kulangiza mdzukulu, ana a Pathfinder amayamba kusinza. Kutchalitchi timapirira chifukwa uthenga timaukonda. Woonera filimu sapirira. Iye amafuna kuona msodzi uja akuwerenga ndalama za bwato, manja akunjenjemera, osati kumumva akufotokoza kwa mphindi zisanu kuti maphunziro ndi ofunika. Munthu amene wawerenga masamba ako mpaka kukuuza pamene pakudwala wakuchitira chifundo, ngakhale atalankhula mosakometsera. Tinamulangiza kuti asayankhe uthengawo mtima uli m'mwamba. Adikire masiku angapo, athokoze, ndipo afunse funso limodzi lokha: ndi pati pamene nkhani inayamba kukukokani?

Za wachitatuyo sitinachedwepo. Apa sanakanidwe, iye ndiye ayenera kusankha. Za mowa angathe kukambirana, pakuti kuonetsa mmene mowa umathetsera ndalama za nsomba padoko sikutamanda mowa. Koma Sabata ndi bwino kulitchula poyambirira penipeni, asanasaine kanthu, kuti pasadzakhale mkangano kamera itafika kale. Tinamukumbutsanso kuti azisunga kope lake lokhala ndi tsiku, ndipo akafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, za mmene angatetezere zolemba zake asanazitumizenso kwina.

Tinawerenga naye Yeremiya 36. Baruki analemba mpukutu wonse, mfumu Yehoyakimu n'kumaudula ndi mpeni chidutswachidutswa n'kumaponya pamoto. Yeremiya anatenga mpukutu wina, Baruki analembanso, ndipo wachiwiriwo unatuluka wautali kuposa woyamba. Mnyamata uja anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti wake ukuyenera kufupika.

Tsono mbali ya thupi, imene mayi ake anatiitanira. Mtima ukasweka, zoyamba kuthawa ndi tulo ndi chilakolako cha chakudya, ndipo zikathawa ziwirizi maganizo amaipiraipira. Tinagwirizana zinthu wamba: foni izigona kuchipinda kwa mayi ikakwana 9 koloko, m'mawa aziyenda m'mbali mwa nyanja dzuwa lisanakwere, azimwa madzi okwanira ndi kutentha kwa kunoku, ndipo azidya pamodzi ndi abale ake ngakhale atadya pang'ono. Kudyera yekha kuchipinda ayi.

Makolo, chenjerani ndi izi. Mwana akatha milungu yoposa iwiri ali wosakondwa, wasiya zimene ankakonda, kapena wayamba kunena kuti kuli bwino kufa, musangoti zitha zokha. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha; kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Pempherani naye, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma ku Mangochi kapena ku Monkey Bay mukafunse za chithandizo cha matenda a maganizo. Ifenso tinamufunsa mnyamata uja funso lomwelo. Anati sanafike pamenepo, koma anathokoza kuti wina wafunsa.

Sabata lapitali anatisonyeza kope lake. Masamba 20 aja atsala 6, ndipo filimu ikuyamba m'bandakucha, wogula bwato atafika kale padoko. Akufuna kujambula kachigawo kameneka ndi foni Lamlungu likubwerali, amalume ake ndiwo avomera kubwereketsa bwato. Mayi ake akuti dzulo anamaliza mitanda iwiri ya nsima, n'kufunsanso ngati chisoso chatsala.