ZA KUTALI NDI PAFUPI: Tizidole ta Mbasela Timene Tasanduka Cuma

Ku maiko a Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu acikulire, ena a iwo a imvi kumutu ndi adzukulu pakhomo, amene amathera nthawi yao ndi ndalama zao pa kufunafuna tizidole ta ana timene tinapangidwa zaka makumi anai kapena asanu zapitazo. Safuna cidole ciri conse ai. Cimene iwo amalondola ndico timabokosi tating'ono ta tinjerwa ta pulasitiki ta kampani ya LEGO, makamaka tija timene sitinaikidwe m'masitolo a zidole, koma tinaperekedwa monga mbasela kwa munthu wogula petulo, cakudya ca m'mawa, maswiti kapena tikiti ya ulendo. Kabokosi kotere kamakwana pa cikhato ca munthu, ndipo m'kati mwace kawirikawiri mumakhala tizidutswa makumi awiri kapena atatu cabe. Akulu anati tsabola wakale sawawa, koma pa malonda amenewa tsabola wakale ndiye amene ali ndi mtengo.

Tinjerwa timeneti kwao ndi ku Billund, m'dziko la Denmark. Kumeneko kunali mmisiri wa matabwa dzina lace Ole Kirk Christiansen, amene m'caka ca 1932, nchito yomanga nyumba itasowa, anayamba kupala zidole za mtengo. Mu 1934 anacha kampani yace LEGO, kucokera ku mau awiri a cinenero ca kwao otanthauza kusewera bwino. Tinjerwa ta pulasitiki toyamba tinatuluka mu 1949, potsanzira tina timene Hilary Page wa ku Britain anali atapanga kale, koma tinali tosagwirana bwino, kotero kuti kanyumba ka mwana kanali kugumuka pongokanyamula. Mwana wa mmisiri uja, Godtfred, ndiye anakonza bvuto limeneli. Pa 28 Januwale 1958 kampaniyo inalembetsa ku boma kapangidwe katsopano: pamwamba pa kanjerwa pali timitu tozungulira, ndipo kunsi kwace kuli timipaipi, cotero timitu ta kanjerwa ka pansi timapanikizika pakati pa timipaipi ndi zipupa za kanjerwa ka pamwamba. Muyeso umenewo sunasinthe kufikira lero. Kanjerwa ka mu 1958 kamalumikizana ndi kamene kapangidwa caka cino, ndipo ici ndi cifukwa cimodzi cimene takale sitisanduka zinyalala.

Eni malonda ena sanacedwe kuona kuti pamenepa pali nyambo yabwino. Mwana akamanga ndi manja ace malo ogulitsira petulo, nawerenga dzina la kampani pa cipupa cace tsiku ndi tsiku, dzinalo limakhazikika mumtima mwace asanadziwe ngakhale kuyendetsa njinga. M'zaka za m'ma 1950 timagalimoto ndi tinyumba ta petulo ta LEGO tinali ndi dzina la Esso, ndipo m'zaka za m'ma 1960 cizindikiro ca Shell cinalowa m'malo mwace. Mu 1992 a LEGO anapeka dzina lao la petulo, Octan, kampani imene kulibe kwina kuli konse koma m'mabokosi a zidole. Ngakhale zinatero, ubwenzi ndi Shell sunathe, pakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 timabokosi tapadera tinali kupezeka pa malo omwetsera galimoto a kampaniyo m'maiko angapo.

Ku Britain, m'caka ca 1970, kampani ya Weetabix, yopanga cakudya ca tirigu codya m'mawa ndi mkaka, inatulutsa kalinga ka mafumu akale komangidwa ndi tinjerwa timeneti. Kalingako kanali kupezeka kudzera mwa kampani ya cakudyayo, ndipo osonkhanitsa ambiri amakawerengera kukhala linga loyamba la LEGO, limene linatsogola zaka zisanu ndi zitatu malinga ochuka a m'masitolo asanayambe mu 1978. Makampani a zombo zoolotsa anthu pakati pa Finland ndi Sweden, Viking Line ndi Silja Line, anali ndi tizombo tao tolembedwa maina ao. Ku Norway a mkaka a Tine anali ndi kalole kao konyamula mkaka. Ku Japan kampani ya maswiti ya Kabaya inali kuika siwiti ndi kacidole m'kabokosi kamodzi, ndipo cifukwa cakuti timabokosi timeneti tinagulitsidwa ku Japan, munthu wa ku Germany kapena ku Canada wotifuna lero ayenera kulipiranso za mtengatenga kucokera kutsidya la dziko lapansi.

Pali dzina limodzi limene ngakhale anthu okhala m'mbali mwa mseu waukulu wa Lusaka ndi Chipata angalidziwe, pakuti limaoneka pa makontena onyamulidwa ndi malole: Maersk, ndi nyenyezi yace yoyera ya nsonga zisanu ndi ziwiri. Iyi ndi kampani ya zombo za katundu ya ku Denmark komweko. Mu 1974 a LEGO anaipangira kacombo ka makontena, nambala 1650, ndipo anasakaniza utoto wapadera wa mtundu wa thambo lowala kuti ufanane ndi wa zombo zenizeni. Kwa zaka zambiri utoto umenewo unaoneka pafupifupi pa zidole za Maersk zokha. Zotsatira zace n'zakuti ngakhale kanjerwa kamodzi ka mtunduwo, kopanda tinzace, kali ndi okafuna, popeza munthu amene kacombo kace kasowa cidutswa cimodzi sangapite ku sitolo kukagula cina.

Nanga n'cifukwa ninji kanthu koperekedwa ulere, kapena pa mtengo wocepa, kakhala kosowa cotere? Yankho lace liri m'ulere momwemo. Cidole cacikulu cogulidwa ndi ndalama zambiri pa Khirisimasi makolo anali kucisamala, bokosi lace naliika pamwamba pa kabati. Koma kabokosi ka mbasela mwana anali kukang'amba ali m'galimoto momwemo, kapepala ka malangizo kanatayidwa pamodzi ndi makoko a nthoci, ndipo tinjerwa tinakasakanikirana ndi tina m'cidebe ca zoseweretsa. Palibe anaganiza zosunga. Ndiponso timabokosi totere tinali kutuluka kwa milungu yowerengeka, m'dziko limodzi kapena maiko ocepa, kenaka nkhani nkutha. Ana a masiku amenewo tsopano ndi anthu a pa nchito ndi opuma pa nchito, ali ndi ndalama m'thumba, ndipo ambiri a iwo cimene akugula ndi cikumbukiro ca ubwana wao.

Wosonkhanitsa weniweni ali ndi diso la munthu wogula ng'ombe pa msika. Amayamba waona nambala ya pa bokosi, pakuti ciri conse ca zidole zimenezi ciri ndi nambala yace, ndipo pali mipambo yolembedwa yoonetsa cidutswa ciri conse coyenera kukhalamo. Amawerenga tizidutswa kamodzikamodzi. Amayang'ana pa timitu tija ngati pali dzina la kampani, limene limadindidwa pa kamutu kali konse. Amafunsa za kapepala ka malangizo ndi za timapepala tomata tokhala ndi dzina la Shell kapena Maersk, popeza timeneti ndito timayamba kuuma ndi kumatuka, ndipo kacombo kopanda dzina lace katsika mtengo kwambiri. Tinjerwa toyera, totuwa ndi tobiriwira monga thambo timasanduka tacikasu tikakhalitsa pa dzuwa, cotero nkhokwe za anthu amenewa zimakhala m'zipinda zamdima. Topangidwa caka ca 1963 cisanafike tinali ta pulasitiki ya mtundu wina imene imapindika ndi ukalamba, ndipo tambiri sitigwirananso.

Koposa zonse, mtengo waukulu uli pa kabokosi kamene sikanatsegulidwepo ciyambire. Apa mpamene munthu wa nzeru za kumudzi angapukuse mutu, ndipo sangalakwe kwenikweni. Cidole cimene mwana anacikonda, nacigona naco pa mphasa mpaka kucikukuta ndi mano, cimayesedwa cacabe, pamene cimene sicinasangalatsepo mwana ali yense ndico cimachedwa cuma. Mwini wace sangacitsegule ngakhale kuti aone ngati zonse zirimo, pakuti tsiku limene adzadula kapepala kotsekera, mbali yaikulu ya ndalama zace idzauluka. Amakhala ngati mlimi wosunga mbeu imene walumbira kuti sadzaibzala.

Za phindu lace zinafufuzidwa ndi akatswiri a za cuma awiri a ku Moscow, Victoria Dobrynskaya ndi Julia Kishilova. Iwo anatsata mitengo ya mitundu 2,322 ya mabokosi a LEGO otuluka pakati pa 1987 ndi 2015, napeza kuti pa msika wa ogulitsana okhaokha mitengo inakwera ndi pafupifupi 11 pa 100 pa caka, ndi kuti timabokosi tating'ono kwambiri pamodzi ndi mabokosi akulu kwambiri anapindula koposa apakati. Koma ciwerengero cimeneci ndi ca onse pamodzi, ndipo ndi ca mabokosi osatsegula. Ena anakwera kowirikiza, ena anatsika, ndipo wogula sadziwiratu kuti lace lidzagwera mbali iti. Pamene pali ndalama, acinyengo sasowa. Pali osindikiza timapepala tomata tatsopano nkumati n'takale, ndi omatanso mabokosi otsegulidwa kale. Ku China apolisi anagwira mu 2019 anthu opanga zidole zotsanzira zochedwa Lepin, ndipo akulu ao anaweruzidwa kukakhala m'ndende.

Funso lakuti kodi n'koyenera kulemba dzina la malonda pa coseweretsa ca mwana linabuka poyera mu 2014. Pa nthawiyo a Shell anali kupereka timagalimoto ta mpikisano ta Ferrari, topangidwa ndi LEGO, kwa ogula petulo m'maiko ambiri. Bungwe loteteza cilengedwe la Greenpeace, limene linali kutsutsa colinga ca Shell cokumba mafuta m'nyanja ya cisanu ya Arctic, linatulutsa kanema woonetsa dziko la tizidole likumira m'mafuta akuda, ndipo anthu mamiliyoni anamuona. Akulu a LEGO anadandaula kuti akokeredwa m'mkangano wa eni ace, komabe mu Okutobala caka comweco analengeza kuti pangano lao ndi Shell likatha sadzalikonzanso. Ubale wa zaka pafupifupi makumi asanu unathera pamenepo.

Kuno kwathu ana sanadikire Denmark kuti aphunzire kumanga. Galimoto ya mawaya ya ciongolero cacitali ndi ng'ombe za dothi zouma pa dzuwa zaphunzitsa manja a mibadwo yambiri. Komabe tinjerwa ta pulasitiki timafika, makamaka m'mitolo ya zidole zakale zogulitsidwa pa misika ya salaula, tosakanikirana ndi zidole zina. Kholo lotipeza liyenera kudziwa zinthu ziwiri. Coyamba, tizidutswa tating'ono tingatsamwitse mwana wosafika zaka zitatu, ndipo n'cifukwa cace mabokosi ace amalembedwa cenjezo. Caciwiri, mu 2018 Andrew Turner wa pa yunivesite ya Plymouth ku Britain anapima zidole zakale 200, napeza kuti tinjerwa tina tofiira ndi tacikasu ta m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tiri ndi cadmium, citsulo ca poizoni cimene kale cinali kusakanizidwa mu utoto. Mwana wamkulu womangira pa mphasa si amene ali pa ngozi yaikulu, koma wakhanda woika ciri conse m'kamwa asapatsidwe tinjerwa takale totere. Amene angapeze kabokosi kosatsegula kokhala ndi dzina la kampani ya petulo, ya ndege kapena ya zombo, acita bwino kulemba nambala yace ndi kufunsa mtengo wace asanakapereke kwa ana.

Pali gulu linanso la osonkhanitsa limene silirowa m'sitolo konse. Pa 13 Febuluwale 1997 funde lalikulu linakantha combo ca katundu cochedwa Tokio Express pafupi ndi Land's End, kumwera cakumadzulo kwa England, ndipo makontena 62 anagwera m'nyanja. Imodzi mwa iwo inali ndi tizidutswa ta LEGO pafupifupi mamiliyoni asanu, ndipo mwatsoka lodabwitsa tambiri tinali ta zinthu za m'madzi, monga nsapato zosambirira, mikondo yolasira nsomba ndi tinyama ta m'nyanja ta miyendo isanu ndi itatu. Kucokera caka cimeneco anthu a ku Cornwall akhala akutitola pa mcenga mphepo ya mkuntho ikaomba, ndipo kanyama ka miyendo isanu ndi itatu kakuda ndi kacinjoka kobiriwira ndito timene wotola amanyadira koposa. Akatswiri a ku Plymouth omwe aja, atayerekeza tinjerwa totoledwa m'mbali mwa nyanja ndi tinzace tosungidwa m'nyumba, anawerengera mu 2020 kuti kanjerwa kamodzi kangakhale m'madzi a m'nyanja zaka zoyambira pa 100 kufikira 1,300 kasanatheretu.