MPAMBA UJA UMATHERA PATI? ZOMWE NDAONA KUMAPIRI A DOWA NDI NTCHISI

Anzanga a kunyanja, kuyambira ku Senga Bay, Lifuwu, Chikombe mpaka ku Chia ndi Nkhotakota, ndabweranso. Uthenga wa lerowu ndi wautali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono ausunge adzawerenge usiku.

Sabata yatha ndinaperekeza msuweni wanga amene amagulitsa usipa kumtunda. Tinanyamuka ku Salima ndi matumba anayi, kukwera chitunda cha ku Mvera, kukhota pa Chezi kulowa ku Dowa boma, kenako Mponela, Ntchisi, mpaka ku Malomo. Ine mwana wa pamchenga kuzizira kwa kumapiri kuja kunandikhaulitsa, koma nkhani yake si imeneyo.

Ku Malomo tinagona kwa anyamata ena olima soya ndi mtedza. Tikuotha moto, mmodzi anandifunsa kuti, "Aise, inu a kunyanja ndalama mumaziika kuti? Paja nsomba simulima, simuthira feteleza." Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti ifenso timaganiza kuti olemera ndi iwowo, chifukwa munda suthawa ngati usipa ukamawomba mwera. Titayamba kuwerengerana bwinobwino tinapeza kuti tikudwala nthenda imodzi. Iwo akakolola mu Epulo ndi Meyi amagulitsa soya kwa venda wa sikelo yokayikitsa pamtengo wolira, chifukwa fizi ya mwana ndi ngongole ya feteleza sizidikira. Pofika Okutobala soya yemwe uja wakwera mtengo, koma ali m'nkhokwe ya munthu wina ku Lilongwe. Ifenso usipa ukafa wambiri timautaya pamtengo wa bwerani mudzatole, poti tilibe ayezi, thandala ndi lochepa, ndipo alovi akufuna zawo m'mawa womwewo. Anyamata aja akhala akulakalaka makina oyengera mafuta ophikira kwa zaka zitatu. Ife timalota injini yachiwiri ndi filiji. Tonse chatimanga miyendo ndi mpamba.

Tsono ukamamvera wailesi ungaganize kuti mpamba wangoti mbwee m'dziko muno. Mu 2005 kunabwera MARDEF, thumba lotukula anthu a kumudzi. Kenako YEDEF ya achinyamata. Mu 2014 anaziphatikiza n'kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina linasinthanso kukhala NEEF. Mayina anayi, koma madandaulo ake ndi omwe aja: mafomu amayenda kwambiri chisankho chikayandikira, anthu ambiri sabweza, thumba limaphwa, kenako wina amabwera kudzalipenta penti watsopano. Sindikunena kuti palibe amene anapindula, alipo ndithu, ena timawadziwa. Koma bwato likamalowa madzi chaka ndi chaka, sumalisintha dzina, umafufuza pamene pabooka.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti malamulo abwino alipo kale, angogona m'mabuku. Ndi angati mwa inu amene akudziwa kuti mu 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Personal Property Security Act? Lamuloli limalola kuti katundu wosunthika, monga makina, ziweto, galimoto ngakhale mbewu, akhale chikole cha ngongole, ndipo kuli kaundula kumene chikolecho chimalembedwa kuti munthu asachipinyolitse kawiri. Kunena kwina, boti la bambo anu ndi injini yake ndi chuma chodziwika pamaso pa lamulo. Ng'ombe ndi ngolo za mlimi wa ku Madisi chimodzimodzi. Palinso lamulo la malisiti a m'nkhokwe, loti mlimi akasungitsa mbewu ku nkhokwe yovomerezeka, lisiti lakelo angathe kutengera ngongole uku akudikira kuti mitengo ikwere.

Koma pitani mukayese. Ine ndinapitako ndi bambo anga ku banki ina, dzina ndisatchule. Madala anavala jekete la kutchalitchi, atanyamula malisiti a injini m'pepala la pulasitiki. Mnyamata wa pa desiki, waulemu wake ndithu, anafunsa zinthu ziwiri: pepala la malipiro a pamwezi, kapena chikalata cha umwini wa nyumba. Bambo anati, "Mwana wanga, ine ofesi yanga ndi nyanja, yandilipira zaka makumi atatu." Mnyamata uja anangomwetulira n'kuti boti likhoza kumira. Tinatuluka. Mwezi womwewo madala anakatenga ndalama kwa wakatapila kuti akonzetse chilimira, ndipo amene mukudziwa katapila mukudziwa mmene chaka chimenecho chinathera kwathu.

Nkhani ya chiwongola dzanja ndiye anthu a ku Dowa ali ndi mbiri yawo. Amene anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufuna kuti pakhale malire a chiwongola dzanja chimene mabanki amalipiritsa anali Alexander Kusamba Dzonzi, ali phungu wa Dowa West. Mabanki anakana kwamtuwagalu, ndipo biluyo sinadutse. Nthawi imeneyo ine ndinali mbali yake ndi mtima wonse. Pano ndimaganizako kawiri. Ku Kenya anaika malire otere mu 2016, mabanki anangochepetsa kubwereketsa anthu ang'onoang'ono, mpaka lamulolo analichotsa mu 2019. Banki ukaiuza kuti usadule mtengo, imangotseka windo la anthu ngati ife n'kumabwereketsa boma, poti boma silimira ngati boti. Komabe bambo aja analoza chilonda chenicheni. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndiye banki wamba iwonjezerepo zake. Ndi geni yanji ya usipa kapena ya soya imene ingabweze zimenezo n'kutsalako ya ndiwo? Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama za injini kwa zaka ziwiri anadzuka m'mawa n'kupeza kuti asunga za theka la injini.

Ena mundiuza kuti nanga si lamulo logulira katundu wa boma la 2017 linanena kuti magawo 60 pa 100 aliwonse azipita kwa Amalawi akuda eni nthaka, ndipo mu 2020 panabweranso lamulo lokondera mabizinesi ang'onoang'ono? Zoona, ndipo n'zabwino. Koma taganizani. Kagulu ka ku Ntchisi kapatsidwa mwayi wopereka nyemba ku sukulu yogonera konko. Kagule nyembazo ndi chiyani? Kalipire lole ndi chiyani? Ndipo kadikire malipiro miyezi ingati? Mapeto ake kontrakiti ija imagulitsidwa kwa mwini ndalama wa m'tauni, dzina lokha n'kukhala la mwana wa kumudzi. Kupatsa munthu malo pa doko alibe bwato.

Apa ndinenepo china chimene ena simuchikonda. Tikudutsa pafupi ndi Dzaleka ndinakumbukira 2023, pamene boma linabweza othawa kwawo ku kampu kuja kuchokera m'matauni ndi m'misika. Anyamata ambiri anaombera m'manja kuti tsopano mashopu ndi athu. Ine ndinafunsa msuweni wanga, amene amayenda misika yonseyi, kuti mwa anzake ndi angati anatsegula shopu kuchokera nthawi ija. Anawerenga zala, sizinathe za dzanja limodzi. Kuchotsa mnzako pa benchi sikukuikira katundu pa shelefu. Anthu aja chimene anali nacho n'chakuti amabwerekana okhaokha ndipo amabwezerana.

Pamenepo ndiye pali mlandu wathu, tisanamizire boma zonse. Ndi angati pagulu lino anatenga ngongole ya boma n'kunena kuti "izi n'zathu zomwe, tinavota"? Ndi angati anagula sipika ndi foni ndi ndalama za geni? Azimayi a banki m'khonde amatichititsa manyazi. Alibe ofesi, ali ndi kabokosi ka maloko atatu ndi kope, koma ndalama zimabwera chifukwa wobwereka amakumana ndi omubwereketsa pa mjigo m'mawa uliwonse. Vuto lake n'lakuti kabokosi kaja sikangagule makina oyengera mafuta.

Ndiye ine ndikanakhala ndi pakamwa m'Nyumba ya Malamulo sindikanapempha thumba lina la dzina latsopano. Ndikanapempha kuti boma liike ndalama zoimira chikole, kuti banki kapena SACCO ikabwereketsa kopaletivi ya asodzi kapena ya alimi, n'kuchitika tsoka lenileni, boma ligawane nayo chitayikocho. Pamenepo mnyamata wa pa desiki uja sangaopenso boti. Ndikanapemphanso kuti kabwezedwe katsate nyengo. Mlimi wa soya ndalama amaiona kamodzi pachaka, ife nyanja imakhala ndi miyezi yotsekedwa komanso ya mwera, ndiye kutiuza kuti tiyambe kubweza mwezi wamawa n'kutitumiza dala kwa wakatapila. Ndipo phungu, khansala ndi wapampando wa chipani asayandikire mndandanda wa olandira, ngakhale kuusuzumira.

Chitsanzo chilipo kale. Pulojekiti ya AGCOM, ya ndalama za World Bank, imapereka thandizo lalikulu kwa makopaletivi pokhapokha iwo atasonkha kaye gawo lawo, ndipo ndalamazo zimapita ku zinthu zooneka monga nkhokwe ndi makina. Ili ndi zovuta zake, mapepala ndi ambiri ndipo osauka kwenikweni amalephera kusonkha gawolo. Koma taonani khomo lake: salowa munthu payekha, limalowa gulu lolembetsedwa, la mabuku ake. Anzathu a kumapiri atitsogola pamenepa. Ife a kunyanja aliyense ndi bwana pa boti lake, kukhulupirirana kumathera pa bawo.

Anyamata a ku Malomo aja tinagwirizana chinthu chimodzi chaching'ono. Msuweni wanga akamakwera ndi usipa azitsika ndi mtedza ndi nyemba zawo, tigulitse kuno popanda venda pakati, ndipo zonse tizilemba m'kope kuti tsiku lina tidzakhale ndi choonetsa kwa wobwereketsa. Amene mukufuna kuti tiyambe zolembetsa kopaletivi yathu, tikumane Loweruka masana pa doko, pansi pa mtengo tikonzera maukonde paja. Bwerani ndi chiphaso cha unzika ndi cholembera. Amene muli ndi ngongole ya banki m'khonde ya amayi anu, mukabweze kaye musanabwere.

Tumizani kwa ena.